Atithamangitsa lero, mawa bwana yemweyo akutiimbira foni

Abale anzanga a ku Joni kuno ndiloleni nditulutse zakukhosi chifukwa ndatopa nazo. Msuweni wanga wabweranso sabata yatha. Anamugwira pa kona pomwe amadikira pisijobu, anakhala m'manja mwa boma masabata angapo kudikira basi, anakamutula kumudzi ali ndi jumbo basi, azakhali analira ngati kwagwa maliro kenako anagulitsa mbuzi zitatu ndi njinga nkupatsa transipota, moti pomwe ndikulemba pano mwana wa eni ali gone pa matiresi mu mkhukhu mwanga muno. Lolemba akukayamba ntchito kwa bwana yemwe uja ankamugwirira asanagwidwe. Bwanayo ndi amene anamuimbira yekha pa WhatsApp kuti bwera msanga gadeni yasanduka tchire. Ndiye tandiuzani wapindula ndani apa? Boma la kuno lawononga mafuta ndi chakudya, ife tataya mbuzi, amene wakhuta ndi transipota ndi anzake a m'njira aja.

Anthu akumudzi amaona ngati kukhala opanda mapepala timachita kufuna. Ine ndinalowa bwinobwino pa Beitbridge ndi pasipoti yanga, ndinadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda zonse zodinda, anandipatsa ma days 30 monga amachitira ndi Mmalawi aliyense. Masiku 30 munthu ungapeze ntchito, nkulipira lendi, nkubweza ngongole ya thiransipoti? Komanso ma days amenewo ndi a mlendo wongocheza, salola kugwira ntchito. Ma visa a ntchito alipo ndi a anthu a madigiri, mainjiniya ndi madokotala, koma wa mu gadeni, wolera ana, wosakaniza simenti pa saiti palibe fomu yake olo utakhala ndi ndalama yolipira. Chikhalirecho ndife amene tadzaza m'mayadi a ku Sandton ndi m'mafamu a mphesa ku Cape uko.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi lamulo lija anasintha mu 2014. Kale ukapitirira ma days umalipira faindi nkumapita, pano ukapitirira ndi masiku oposa 30 amakudinda kuti ndiwe wosafunika zaka 5 osapondanso. Iwo ankaganiza kuti tiziopa nkumabwerera msanga, koma zomwe zachitika nzakuti anthu anasiya kupita kumudzi, uchona weniweni unayambira pamenepo. Mayi anga anamwalira ine ndili kuno, ndinaonera maliro pa video call nditabisala mu toilet ya kuntchito, netiweki ikudukaduka, mlongo wanga akundionetsa bokosi lomwe ndinatumizira ndalama ine ndemwe, nyimbo ikumveka patali, bwana akugogoda chitseko kuti ndachedwa. Ndikanapita ndikanadindidwa zaka 5, ana anga awiri fizi akanalipira ndani? Amene walimba mtima kupita pobwera sadutsanso pa geti, amawoloka Limpopo usiku komwe kuli ng'ona ndi maguma-guma, zigawenga zolanda anthu owoloka mozemba. Ndiye lamulo lofuna kuchepetsa olowa mozemba ndi lomwe likuwachulukitsa.

Za m'misewu ndisanene zambiri mukuzidziwa. Ine ndimayenda ndi R200 mu sokosi ya kumanzere, siyodyera ayi, ndi ya kodilinki. Tsiku lina Lachisanu madzulo nditangolandira wapolisi wina anandiimitsa, sanafunse ngakhale dzina, anangondiuza ndinene dzina la chigongono mu Chizulu, nditakakamira anaseka nkutsegula chitseko cha veni, ndinavula nsapato pomwepo anthu akuona. Mawa lake anandipatsa moni ngati mnzake. Munthu ameneyo sangafune kuti ine ndipeze pepala, ndine munda wake.

Pa pepala malamulo alipo abwino ndithu. Khoti lalikulu la Constitutional Court linagamula mu 2017 kuti munthu wogwidwa pa nkhani ya mapepala azikaonekera kwa majisitireti pasanathe maola 48, ndipo lamulo la immigration la 2002 silimalola kusunga munthu wodikira kudipotedwa kuposa masiku 120, olo ku Lindela ku Krugersdorp komwe amasonkhanitsira anthu. Koma ndi angati mwa ife amadziwa zimenezi, loya timutenga kuti? Lamulo lomwelo limati bwana wolemba ntchito munthu wopanda mapepala atha kulowa ndende. Inu munaonapo madamu atakwezedwa mu veni? Ine ndangoona anyamata a makasu ndi mafosholo. Nyumba ija itagwa ku George mu May 2024 nkupha anthu 34, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndi pomwe dziko linadzidzimuka kuti kodi amamanga nyumba zathu ndi ndani. Tikakhala moyo ndife makwerekwere, tikafa pansi pa konkire ndiye atitchula ogwira ntchito.

Sindikupempha zachilendo. Azimbabwe anawapatsa ma permit apadera kuyambira 2009, omwe pano akutchedwa ZEP, anthu pafupifupi 178,000, ndipo Aaron Motsoaledi, amene anali nduna ya za m'dziko nthawi imeneyo, atafuna kuwathetsa khoti la ku Pretoria linakana mu June 2023. A ku Lesotho nawo anapatsidwa awo mu 2016. Ife Amalawi zero, chonsecho agogo athu ndi amene anakumba golide wa kuno nthawi ya Wenela ndi Theba, ena anafera mu ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 akubwerera kwawo mpaka Kamuzu anaimitsa kutumiza anthu. Nthawi ya tsankho imeneyo munthu ankabwera ndi kontirakiti yodziwika, lero pa ufulu tikubwera ngati mbava. Tipatseni pepala la zaka ziwiri kapena zitatu, mutitenge zidindo za zala, tizilipira msonkho, bwana azitilipira malipiro ovomerezeka. Mukatero bwana sadzasiyanso mwana wa kuno nkutenga ine chifukwa chotchipa, paja chomwe amandikondera si nkhope yanga, nkuti sindingakadandaule kulikonse akandidula malipiro.

Eni dziko sindikuwada onse ayi. Ulova kuno wadutsa 30 peresenti, mnyamata wa ku Soweto wopanda ntchito akakwiya ndimamumvetsa, ndipo tisanamizane pakati pathu alipo akuba ndi ogulitsa mankhwala oipa, amenewo agwireni akaseweze ndende kenako muwatumize kwawo ine ndidzaombera m'manja. Koma a Operation Dudula, gulu lothamangitsa anthu obwera, kukaima pa geti ya kiliniki nkumabweza mayi woyembekezera, pamenepo ntchito ya mwana wa ku Soweto ibwera bwanji? Bwana amene analemba mwamuna wa mayiyo ali pheee kuseri kwa mpanda wa magetsi palibe amamufunsa.

Ndipo inu akuluakulu a ku Capital Hill musaganize kuti ndakuiwalani. Mumatikumbuka kukavuta, ngati 2015 muja munatumiza mabasi anthu atathamangitsidwa ku Durban, koma kukhala pansi ndi Pretoria nkukambirana za permit yathu mpaka liti? Marandi omwe timatumiza mumawafuna, kwacha munaigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023, chaka chotsatira anthu anagona pa mizere miyezi pasipoti osatuluka, ndiye mukuti mnyamata wa ku Mangochi kapena Mzimba akhale kumudzi adye chiyani?

Msuweni uja wadzuka akufunsa ngati ndili ndi nsapato zakale zoti avale Lolemba. Nsapato ndamupatsa, R200 ya mu sokosi ndamubwereka, adzabweza kumapeto a mwezi ngati adzakhale adakali kuno.