Malo okumbapo mgodi ayenderedwe kawiri, osati kamodzi

Maganizo anga ndi akuti chilolezo chokumba mgodi chisamaperekedwe pamalo amene akatswiri anawayendera kamodzi kokha, makamaka ngati ulendowo unachitika m'chilimwe. Chimene chimandidetsa nkhawa m'malipoti ounika chilengedwe ndi chiganizo chachidule chakuti pamalopo palibe dambo, pamene umboni wake ndi chithunzi cha setilaiti chojambulidwa udzu utauma kale.

Madambo ambiri sakhala ndi madzi pamwamba chaka chonse, choncho munthu angathe kudutsapo nsapato zili zouma n'kunena kuti ndi mtunda wamba. Buku limene akatswiri a zomangamanga a asilikali a ku America anatulutsa mu 1987 limati dambo lizindikirike ndi zinthu zitatu pamodzi, zomwe ndi madzi, dothi ndi zomera, ndipo mwa zitatuzi ine ndimadalira kwambiri dothi chifukwa silisintha ndi nyengo. Mukakumba kadzenje kolekeza m'mawondo, dothi limene limakhala m'madzi miyezi ingapo pachaka limatuluka lotuwa ngati phulusa, lili ndi timadontho tofiira ngati dzimbiri m'mbali mwa mizu, ndipo nthawi zina limanunkha ngati dzira lowola. Zimenezi zimachitika chifukwa madzi akadzaza pansi mpweya umasowa, chitsulo cha m'dothi n'kusungunuka. Pamene pali bango, gumbwa kapena mlulu, ngakhale zitauma, munthu woona mtima sayenera kupitirira asanakumbe.

Vuto ndi lakuti mgodi suwononga malo okhawo amene wakumbidwa. Kuti dzenje lisadzaze, madzi amapopedwa usana ndi usiku, ndipo madzi a pansi pa nthaka amatsika kuzungulira dzenjelo mpaka akasupe a kunja kwa malire a mgodi amaphwa. Ngati miyala yofukulidwayo ili ndi pyrite (mwala wokhala ndi chitsulo ndi sulufule), ikakumana ndi mpweya komanso mvula imatulutsa asidi amene amatsetserekera kumalo otsika, komwe kuli dambo. Mayiko anasayina pangano loteteza madambo mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971, komabe lipoti la panganolo la mu 2018 linasonyeza kuti pakati pa 1970 ndi 2015 dziko lonse lapansi linataya pafupifupi 35 peresenti ya madambo ake. Dambo limene silinalembedwe pamapu palibe amene adzafunsidwe za kutha kwake.

Nkhani ya zomera zowononga, zomwe ndi zomera zachilendo zimene zimafalikira n'kulanda malo a zomera zachilengedwe, anthu amaiona ngati yaing'ono, koma ine sindigwirizana nawo. Nthaka yogumulidwa ndi makina ndi imene zomerazi zimakonda, chifukwa udzu wachilengedwe umene unkalimbana nazo wachoka. Lantana, yochokera kumadera otentha a America, imapanga ziyangoyango zaminga ndipo imapweteka ng'ombe zikaidya. Parthenium imabala mbewu masauzande pa chomera chimodzi, imayambitsa ziwengo pakhungu ndi chifuwa, ndipo mbewu zake zimayenda m'matope omatirira kumatayala. Namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, akalowa m'dziwe losungira madzi a mgodi amadzafika mumtsinje pa mvula yoyamba yamphamvu, ndipo mbewu zake zimatha kukhala m'matope zaka zambiri zisanafe.

Pamgodi, dothi la pamwamba limakokoledwa n'kuunjikidwa pambali kuti lidzayalidwenso ntchito ikadzatha. Ngati pasanakumbidwe palibe amene analemba pamene panali zomera zowononga, dothi loipitsidwa limasakanikirana ndi labwino mumulu umodzi, ndipo tsiku lokonzanso malowo mbewu zoipa zimafesedwa pamalo onse ndi manja a anthu omwe akuti akubwezeretsa chilengedwe. Komanso popanda mapu oyambirira, kampani idzanena kuti inazipeza zilipo kale, oyandikana nawo adzanena kuti inabwera nazo, ndipo sipadzakhala chothetsera mkanganowo.

Choncho chimene ndikupempha kwa opereka zilolezo n'chakuti ounika ayende wapansi nthawi ya mvula, pamene madzi akuoneka ndipo zomera zachita maluwa moti n'zosavuta kuzisiyanitsa, kenako abwererenso m'chilimwe. Akumbe maenje, alembe malo ake enieni, afunse anthu amene amadyetsa ziweto kumeneko pamene ng'ombe zimatitimira, ndipo mapu onse awiri, a madambo ndi a zomera zowononga, aikidwe poyera makina asanatsitsidwe pamalopo.