Musaiwale a ku Blantyre ndi a ku Kasungu

Alembi, nkhani yanu ija ya achinyamata ofufuza za sayansi m'magawo osiyanasiyana yandikoka mtima, koma onse mwatchulawo ndi a kunja. Nanga a kuno?

Mlongo wanga anabereka mwana wosakwana masiku, kamwana kochepa ngati botolo la Fanta, kakupuma movutikira. Kanapulumuka ndi makina othandiza kupuma otchedwa Pumani, amene ophunzira a ku Rice University ku Houston anapanga mogwirizana ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mkati mwake muli timapampu tonga ta m'thanki ya nsomba zoweta, ndi botolo la madzi limene limabwadamuka mpweya ukamadutsa. Ndinaimirira pambali ndikuyang'ana thovu lija usiku wonse. Lero mwanayo ali Sitandade 3, ndipo ndi wolongolola kwabasi.

Katemera wa taifodi amene ana athu anayamba kulandira mu 2023 anayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu 2018, pa ana oposa 28,000. Amene ankayenda khomo ndi khomo, ndi ena ankayeza magazi mu labu, ambiri anali anyamata ndi atsikana athu omwewa. Ku Kasungu nako, kumene kunatsegulidwa njira yoyesera ma drone (tindege topanda woyendetsa mkati) mu 2017, ofufuza akhala akuwulutsa timakinati kuti ajambule zithaphwi zimene udzudzu umaswanamo.

Chondiwawa n'chakuti ndalama zambiri za kafukufukuyu zimachokera kunja. Pulojekiti ikatha, mnyamata wa digiri yake amabwerera kukagulitsa mayunitsi, kapena amakwera ndege osabweranso. Alembi, mudzapiteko ku Chichiri ku Blantyre mukacheze ndi ofufuza athuwa.