Yoga ya paulendo ndi ya msana, osati ya chithunzi

Amene akufunikira yoga (masewera oongola thupi ndi kupuma mozama) kwambiri mu Lusaka muno si aja a ku Kabulonga ovala zothina, ayi. Ndi amayi ndi abambo amene mumawaona pa Intercity kusanache, atakhalira zikwama zawo, kudikira basi ya ku Nakonde, ya ku Chipata kapena ya ku Johannesburg. Ine ndine mmodzi wa iwo. Geni yanga ndi yooda katundu, ndiye kunyumba ndimakhalako ngati mlendo. Chaka chino ndinapangana ndi thupi langa kuti kulikonse kumene ndagona, kaya pa lodge, kaya kwa achibale, kaya pa boda, ndizichita yoga tsiku lililonse.

Anzanga ena amaseka, ati zachizungu. Koma zinthuzi zinachokera ku India, ndipo amene amaseka kwambiri ndi omwe amatsika basi atagwira m'chiuno. Taganizani: kuchoka kuno kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ku Nakonde ndi pafupifupi 1,000. Mukakwera sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi mpaka Dar es Salaam ndi makilomita 1,860, masiku awiri ngati sitima yasunga nthawi. Nthawi yonseyo maondo ndi opinda, chikwama chili pamiyendo, khosi lapendekera pazenera. Minofu ya m'chiuno imakungika, msana umauma, mapazi amatupa mpaka nsapato kukana. Ndipo si kupweteka kokha. Mu 2007 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti munthu akakhala pansi paulendo maola 4 kapena kuposa, chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo chimawirikiza pafupifupi kawiri. Minofu ya katumba ndiyo imathandiza kukankha magazi kubwerera kumtima, ndiye ikangokhala phee, magazi amachedwa mmenemo.

Chimene sindigwirizana nacho ndi mmene nkhaniyi imaonekera pa Facebook ndi Instagram. Munthu waima ndi mutu pamwala ku Victoria Falls, dzuwa likulowa, kenako walemba kuti wakwanitsa masiku akuti akuchita yoga osadumpha. Zimenezo n'zojambulitsa basi. Wapaulendo weniweni amafika usiku, chipinda chake bedi ladzaza mpaka kukhomo, pansi ndi simenti yozizira, malaiti apita. Vidiyo ya pa YouTube imafuna bandulo ndi foni ya moto, zonse ziwiri palibe. N'chifukwa chake ndimati lowezani pamtima. Surya Namaskar ndi kaimidwe 12 kotsatizana: kuima, kuweramira kutsogolo, kuponya mwendo kumbuyo, kugona chafufumimba n'kudzutsa chifuwa, kenako kubwerera. Mukaigwira, simufunanso intaneti. Mphasa ya yoga ya pulasitiki ija musavutike nayo, imangodya malo a katundu. Chitenje chopinda pawiri chimakwana.

Mavuto amayambira pa kuwerenga masiku. Munthu akadumpha tsiku limodzi chifukwa wagona mu basi pa Chirundu, amati zonse zawonongeka, n'kusiyiratu. Ine lamulo langa ndi lofewa: mphindi 10 zokha zimawerengedwa. Basi ikaima pa Luangwa Bridge anthu n'kuthamangira nsomba zouma, ine ndimagwira mbali ya basi, kuongola msana, kukoka katumba, kupuma mozama kangapo. Anthu amayang'ana, inde. Kondakitala wina anandifunsa kuti, "Amayi, mwadwala?" Ndinamuuza kuti ayesere. Anakana, koma iyeyo ndiye amaima chiweramire ulendo wonse.

Pali nkhani ya mpingo, ndipo sindiipeputsa. Yoga inakulira m'chipembedzo cha Chihindu ndi zina za ku India, ndipo Surya Namaskar poyamba ndi ulemu kwa dzuwa. Amene chikumbumtima chawo chikuwaletsa, asakakamizidwe. Kuongola thupi kuli ndi njira zambiri. Ine mawu awo achipembedzo aja sindiyimba, ndimangotenga za thupi ndi kapumidwe, pemphero ndimapemphera langa. Bungwe la United Nations mu 2014 linakhazikitsa 21 June kukhala tsiku la yoga padziko lonse, ndipo kuno limagwa pakati penipeni pa chisanu. Kudzuka m'bulangete mwezi umenewo n'kuponda simenti ndiye mayeso enieni, osati kuima ndi mutu.

Za kuima ndi mutuzo, popanda mphunzitsi musayese, khosi silichedwa kuvulala. A BP, oyembekezera ndi amene msana unawavutapo kale, yambani mwafunsa ku kiliniki. Enanu amene mukwera ya ku Nakonde sabata ino, mukandiona ndawerama pambali pa basi pa Serenje, musaitane anthu. Ikani katundu pansi mubwere tichitire limodzi, dalaivala asanalize huta.