Barnaba ankaimira munthu amene ena onse akumukayikira

Abale ndi alongo, ndakhala ndikuwerenganso buku la Machitidwe a Atumwi, ndipo munthu amene wandikhala pamtima ulendo uno ndi Barnaba, amene sitimumva kawirikawiri pa guwa. Dzina lake lenileni linali Yosefe, Mlevi wobadwira pa chilumba cha Kupro, ndipo atumwi ndiwo adamupatsa dzina la Barnaba, kutanthauza mwana wa chilimbikitso. Ambiri timamukumbukira chifukwa adagulitsa munda wake n'kupereka ndalama zonse kwa atumwi. Chimenecho n'chachikulu, koma ine ndikuona kuti adapereka china chodula kuposa munda, chomwe ndi mbiri yake yabwino, imene adaiika pachiswe kawiri konse chifukwa cha anthu amene mpingo sunkawakhulupirira.

Taganizirani za tsiku limene Saulo adabwerera ku Yerusalemu atatembenuka mtima. Uyu ndi munthu amene adavomereza kuti Stefano aponyedwe miyala, amene ankalowa nyumba ndi nyumba n'kumakokera amuna ndi akazi kundende. Pa Machitidwe 9:26 timamva kuti ophunzira onse ankamuopa, osakhulupirira kuti iyenso wasanduka wophunzira. Ine sindingawadzudzule, pakuti ena mwa iwo ayenera kuti anali ndi abale amene adazunzika m'manja mwake. Barnaba ndiye adamutenga n'kupita naye kwa atumwi, nafotokoza momwe Saulo adaonera Ambuye panjira ndi momwe adalalikira molimba mtima ku Damasiko. Saulo akadakhala kuti ndi kazitape, mlandu wonse ukadagwera Barnaba, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Sadalekere pomwepo. Atatumidwa ku Antiokeya n'kuona kuti ntchito yakula, adanyamuka ulendo wa ku Tariso kukafunafuna Saulo, ndipo awiriwo adaphunzitsa limodzi chaka chathunthu mumzinda umene ophunzira adayamba kutchedwa Akhristu. Wowerenga mosamala adzaona kuti poyamba bukuli limatchula Barnaba patsogolo ndi Saulo pambuyo, koma kuyambira m'chaputala 13 dzina la Paulo, lomwe ndi dzina lina la Saulo yemweyo, limayamba kutsogola nthawi zambiri. Palibe pamene timamva kuti Barnaba adanyinyirika chifukwa chakuti munthu amene adamukweza wamupitirira. Ndi atsogoleri angati m'mipingo yathu amene angaitane wachinyamata waluso kuposa iwo, akudziwa bwino kuti mawa anthu azidzatchula dzina la wachinyamatayo poyamba?

Nkhani ya Yohane Marko ndiyo imandipweteka kwambiri. Mnyamatayu adawasiya Paulo ndi Barnaba pa Perga wa ku Pamfuliya n'kubwerera ku Yerusalemu ulendo wawo woyamba wolalikira uli pakati. Pokonzekera ulendo wachiwiri, Barnaba adafuna kumutenganso, Paulo adakana, ndipo adakangana kwambiri mpaka kupatukana: Barnaba adatenga Marko n'kupita ku Kupro, Paulo adasankha Sila. Ena amati Barnaba adangokondera mbale wake, popeza Akolose 4:10 amasonyeza kuti Barnaba ndi Marko anali pachibale. Ine sindikuvomereza, chifukwa munthu yemweyu adachitira Saulo chimodzimodzi popanda chibale chilichonse. Patapita zaka, Paulo ali m'ndende adalembera Timoteo kuti abwere ndi Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo apa Paulo adadya zipatso za mtengo umene Barnaba adakana kuudula.

Sindikunena kuti anali wopanda banga, pakuti pa Agalatiya 2:13 Paulo akudandaula kuti ngakhale Barnaba adatengeka ndi chinyengo cha amene adaleka kudya pamodzi ndi anthu a mitundu ina. Zimenezi zimandithandiza kuona kuti khalidwe lakeli ndi lotheka kwa munthu wofooka ngati ine.

Ndalemba izi chifukwa chikumbumtima chikunditsutsa. Kumpingo kwathu kuli bambo wina amene adadulidwa chifukwa cha ndalama za chitukuko, adabweza zonse, adalapa, ndipo adabwezeredwa pamaso pa mpingo wonse. Tsiku limenelo tidaimba nyimbo n'kumugwira chanza, koma kuyambira pamenepo amakhala benchi lakumbuyo, ndipo palibe amene wamupatsapo ngakhale ntchito yoyala mipando. Dzina lake litatchulidwa pa zokambirana za komiti ya zomangamanga, ine ndinali mmodzi mwa amene adati tidikire kaye, ngakhale ndikudziwa kuti ndi mmisiri wodziwa ntchito kuposa tonsefe. Tidamukhululukira pakamwa, koma palibe aliyense wa ife amene adalolera kuti dzina lake lidetsedwe ngati bamboyo atalakwanso. Kusamala chuma cha mpingo n'koyenera, ndipo sindikunena kuti apatsidwe thumba la ndalama mawa, koma kudikira kumene kulibe malire kwasanduka chilango chachiwiri chimene mpingo sudagamule.

Lamulungu likudzali ndikaonana ndi abusa ndi akulu a mpingo, ndipo ndikawapempha kuti bamboyu ayang'anire ntchito yofolera nyumba ya abusa, ine ndikhale womuimira ngati pangakhale chovuta chilichonse.