Ndalama za ku SACCO ndi za anzako, iwe wakuba

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo madzulo ndinakwera minibasi ku Limbe kulowera m'tauni. Pampando wakutsogolo kwanga panakhala bambo wina wovala bwino, jekete yake, nsapato zopolisha, akuyankhula pafoni mokweza ngati minibasi yonse ndi pabalaza pake. Nkhani yake inali ya ngongole imene anatenga ku SACCO ya kuntchito kwawo, bungwe lija losunga ndi kubwereketsana ndalama. Akuti atangolandira ndalamazo anasiya ntchito, ndiye pano a SACCO akumuimbira, iye sakuyankha. Mawu amene anandibaya ndi awa: "Asiyeni alire, ndalamazo si za bambo awo. Bungwe silisauka." N'kuseka chikhakhali. Ndipo ena m'minibasimo anaseka naye, mnyamata wina kumbuyo mpaka kunena kuti, "Ndinu dolo biggie."

Dolo? Udolo wake uti? Munthu waba ndalama za anzake a mu ofesi imodzi, ife n'kumamuombera m'manja?

Ndinene poyera chifukwa zikuoneka kuti ambiri sitikumvetsa, kapena tikumvetsa koma tikuchita dala. Ndalama za ku SACCO si za boma. Mwini wake sali ku London kapena ku Johannesburg. Ndi za mesenjala amene ankakupangirani tiyi m'mawa uliwonse. Ndi za mlonda wa pageti amene ankakutsegulirani n'kukupatsani sawasha. Ndi za mayi wokolopa amene mwezi ndi mwezi amadulitsa kangachepe pa malipiro ake kuti mwana wake akasankhidwa ku sekondale asadzakhale pakhomo chifukwa cha fizi. Amenewo ndiye "bungwe" limene mukuti silisauka. Ali ndi mayina, ali ndi ana, ndipo nambala yanu ya foni ali nayo.

Aliyense amene analowapo SACCO akudziwa mmene zimayendera. Umagula masheya, umasunga mwezi uliwonse, ndipo ukafuna ngongole amakupatsa kawiri kapena katatu ka zimene wasunga. Zowonjezerazo zichokera kuti? Kumwamba? Zimachokera mu zosunga za mamembala ena. N'chifukwa chake amakuuza kuti bwera ndi mboni zokusainira. Ukathawa, amayamba agwira zosunga zako, kenako amapita kwa mboni zija, anthu amene unawachonderera pa nkhomaliro kuti "achimwene ndisainireni, sindingakuchititseni manyazi." Zikatsalabe, bowolo limakatsekedwa ndi phindu limene mamembala onse akanagawana pakutha pa chaka. Ndiye munthu mmodzi waba katatu: wabera amene anamukhulupirira, wabera amene sakumudziwa n'komwe, wabera ngakhale amene adzalowe chaka chamawa n'kupeza thumba lachepa. Ameneyo tikumutcha dolo.

Inde zinthu zakwera, malipiro sakukwana, tonse tikudziwa. Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 inagwera aliyense, kuphatikizapo mayi wokolopa uja. Zosunga zake zinachepa mphamvu usiku umodzi iye ali m'tulo. Tsono pamwamba pa zimenezo mudzamuberenso inu?

Mwina tikanadziwa kumene mabungwewa anachokera, manyazi akanatigwira pang'ono. Anayamba ndi njala komanso katapila, mavuto athu omwewa. Ku Germany, m'chaka cha 1846 mpaka 1847 zokolola zinakanika, mbatatesi zinaola m'minda, anthu a kumudzi n'kumagona ndi njala. Friedrich Wilhelm Raiffeisen, yemwe anali meya wa kadera kosauka kotchedwa Weyerbusch, anasonkhanitsa anthu opezako bwino kuti apeze ufa, aziphika buledi wogulitsa motsika mtengo kwa osauka. Njala inatha koma iye anaona kuti alimi akugwerabe m'manja mwa obwereketsa ndalama ankhanza amene ankawalanda ng'ombe ndi minda. Mu 1849 ku Flammersfeld anayesa bungwe lachifundo, olemera kuthandiza osauka. Koma olemera amatopa, chifundo chimakhala ndi malire. Ndiye mu 1864 ku Heddesdorf anatembenuza zinthu: anthu ofuna ngongolewo akhale eni ake a bungwe, azibwereketsana okhaokha.

Ndipo tamvani lamulo lake, inu a jekete. Membala aliyense ankayankha ngongole za bungwe lonse ndi chuma chake chonse. Mnzako akathawa, ng'ombe yako ili pachiswe, munda wako uli pachiswe. N'chifukwa chake bungwe lililonse linkakhala la dera laling'ono, mudzi kapena parishi imodzi, kumene aliyense ankadziwa kuti uyu amalima, uyu amamwera mbewu. Atsogoleri ake sankalipidwa, kupatula wosunga mabuku. Phindu linkapita ku thumba losagawidwa kuti bungwe lilimbe. Alimi amenewo analibe chikole choti banki ya m'tauni ingachiyang'ane kawiri. Chikole chawo chinali mbiri yawo pamudzi, basi. Lero Rabobank ya ku Netherlands, banki yodziwika dziko lonse pa ngongole za ulimi, mizu yake ndi timabungwe ta alimi ta mtundu umenewu. Akanakhala ndi mtima wa "bungwe silisauka" bwenzi zonse zitathera m'chaka choyamba.

Ku Canada nkhani yake ndi yomweyo. Alphonse Desjardins ankagwira ntchito yolemba zokambirana za aphungu ku Nyumba ya Malamulo ku Ottawa. Mu 1897 anamva phungu wina akufotokoza za munthu wa ku Montreal amene khothi linamulamula kulipira chiwongoladzanja cha pafupifupi madola 5,000 pa ngongole ya madola 150. Katapila weniweni, wa chidindo cha khothi. Zinamuwawa. Mu Disembala 1900 anayambitsa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwawo ku Lévis, ofesi yake m'nyumba mwake momwemo. Ndalama yoyamba kusungitsidwa inali masenti 10. Iye akapita ku Ottawa, mkazi wake Dorimène ndiye ankasunga mabuku ndi ndalama za anthu. Masenti 10, abale. Lero Desjardins ndi chimphona pa zachuma m'chigawo cha Quebec, ndipo eni ake akadali mamembala. Anthu ankabweza, chinsinsi chake n'chomwecho.

Kuno ku Africa zinalowera ku Jirapa, kumpoto kwa Ghana, mu 1955, kudzera mwa wansembe John McNulty. Kwathu kuno a mpingo wa Katolika anazilimbikitsa m'zaka za m'ma 1970, MUSCCO n'kubadwa mu 1980 kuti iziyang'anira ndi kuphunzitsa ma SACCO, ndipo kuchokera pa lamulo la 2011 a Reserve Bank nawo amawalondola. Pano aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma ali ndi yawo, apolisi yawo, asilikali yawo, a ku nzimbe ku Nchalo yawo, alimi ndi a mabizinesi ang'onoang'ono m'maboma ali nazo zawo. Koma kaya kubwere malamulo angati, kaya Reserve Bank itumize oyendera angati, maziko ake sanasinthe kuchokera nthawi ya Raiffeisen: ndakubwereka chifukwa ndikukudziwa, ubweze kuti mnzako abwerekenso.

Tayang'anani m'makwalala mwathu. Malata angati amene ali pa nyumba za aphunzitsi anagulidwa ndi ngongole ya SACCO? Ana angati amaliza ku koleji chifukwa bambo awo ankathamangira kumeneko teremu ikamayamba? Feteleza wa mu Novembala, bokosi la maliro ogwa mwadzidzidzi, poloti ku Chileka kapena ku Area 25, chigayo, njinga ya kabaza, mpamba wa kaunjika. Kapiteni ku banki yaikulu ndi malipiro a mlonda mukapemphe ngongole yomangira nyumba, mukaone. Akufunsani chikalata cha malo, akufunsani mapepala amene simunawamvepo, ndipo akaunti yanu akhala akuidula mwezi ndi mwezi ngakhale mulibe kanthu. Sindikuwada a banki, ali pa bizinesi, akufunira phindu eni masheya awo. Koma ku SACCO mwini masheya ndiwe amene, voti yako ndi imodzi chimodzimodzi ndi ya bwana wako, kaya iye wasunga mamiliyoni iwe wasunga zochepa. Ndi malo angati m'dziko muno kumene mesenjala ndi manejala amalemera mofanana pa sikelo?

Ndiye wina akabowola thumba limeneli, anthu amapita kuti? Amapita kwa akatapila. Ngongole ku SACCO zikayamba kuchedwa chifukwa ndalama zili m'matumba mwa othawa, mayi uja fizi ikamuthina amakagogoda kwa munthu amene amubwereke K100,000 kuti abweze K150,000 pakutha pa mwezi, n'kumulanda khadi la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi. Mwezi wotsatira malipiro onse athera komweko, abwerekenso. Ndi dzenje limene Raiffeisen ndi Desjardins ankafuna kutulutsamo anthu, ndiye inu mukuwakankhiramonso uku mukuseka mu minibasi.

Chimene chikundinyansa kwambiri ndi kuseka kwa enawo. Wakubayo ndi wakuba, alipo ponseponse. Koma ife omumvera bwanji tikusekerera? Munthu akaba nkhuku pamudzi timamuthamangitsa mpaka kudambo. Akaba foni mumsika wa Limbe apolisi amachita kumulanditsa. Koma akaba mamiliyoni a anzake ndi cholembera, atavala jekete, timati ndi wochenjera. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Iwe wosekawe, mwina mlongo wako ndiye anasaina ngati mboni pa fomu ya munthu ngati ameneyu, ndipo mwezi uno malipiro ake afika odulidwa, sakukuuza chabe.

Amayi a banki mkhonde atiposa nzeru pa nkhaniyi, ndikunena mosapsatira. Iwo alibe kompyuta, alibe ofesi, ali ndi bokosi la maloko atatu ndi kope. Koma yesani kuthawa ndi ndalama zawo. Akupezani pakhomo m'mawa kusanache, gulu lonse, atamanga zitenje m'chiuno, ndipo mbuzi kapena matiresi zituluka. Palibe mmodzi mwa iwo amene anganene kuti "gulu silisauka", chifukwa ndalama ija anaiona ikulowa m'bokosi kuchokera m'manja mwa mnzawo wogulitsa mandasi. Ife ophunzira, ndalama ikangodutsa pa kompyuta timaiwala kuti ili ndi mwini.

Ndipo matendawa ndi akale, ndiwo atipha m'dziko muno. Makalabu a alimi m'nthawi ya SACA, bungwe la boma lobwereketsa alimi ang'onoang'ono, ankabweza ngongole za feteleza pafupifupi zonse. Kenako kunabwera chilala cha 1992, ndale za matipate n'kulowapo, anthu n'kuyamba kuuzana kuti ngongole za boma sabweza. SACA inagwa, mu 1994 n'kubwera MRFC kulowa m'malo mwake, nayonso ili kuti lero? MARDEF, thumba la boma la ngongole, inasintha dzina kukhala MEDF, MEDF kukhala NEEF, nyimbo yake imodzimodzi: "ndi za boma izi, tidye nawo." Malawi Savings Bank, imene inachokera ku banki ya ku positi ofesi, banki imene inkafika m'maboma momwe ena sankafunako, inagulitsidwa mu 2015 italemedwa ndi ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni, ndipo mtolo umenewo unagwera okhoma msonkho. Amene anatenga ndalama zimenezo sanali ogulitsa tomato. Anali a majekete. Ndiye mtima womwewo, umene unadya za boma mpaka kutha, pano walowa m'thumba la amphawi okhaokha. Za boma tinkanamizira kuti boma lilibe nkhope. Nanga mlonda wa pageti nayenso alibe nkhope?

Ngati zakuvutani, pitani mukakambe. SACCO ndi anthu, amamva. Ntchito imatha, matenda amagwa, bizinesi imalowa pansi, palibe amene sadziwa. Kapempheni kuti akutalikitsireni nthawi, muzipereka pang'onopang'ono. Aimbireni mboni zanu muwauze zoona asanadzidzimuke pa tsiku la malipiro. Koma kuzimitsa foni, kusintha nambala, n'kumadzitama pagulu? Mlandu suola, bambo. Dziko lino ndi laling'ono, tidzakumana pa maliro.

Nanunso a bodi m'ma SACCO ena, musaganize kuti ndakuiwalani. Mumadzipatsa ngongole zikuluzikulu musanapatse mamembala, mumadumphitsa anzanu pamzere, abale anu akalephera kubweza mafayilo awo amasowa, koma wa malipiro ochepa akachedwa mwezi umodzi kalata yafika kale kwa abwana ake. Masemina ku nyanja osatha, ma alawansi okhaokha, pamene a nthawi ya Raiffeisen ankatumikira ulere. Ndipo ife mamembala timapita ku msonkhano waukulu wa pachaka kukalandira tisheti, fanta ndi ya thiransipoti, lipoti la owerengera ndalama osatsegula ngakhale tsamba limodzi, n'kuvotera anthu omwewo chifukwa ndi a kwathu. Chaka chino wina aimirire afunse kuti a bodi ali ndi ngongole zingati ndipo akubweza bwanji. Muone mmene wapampando atulukire thukuta.