Madola 70 pa nkhani imodzi ya kunkhondo

Anthu akamva za mtolankhani woyima payekha amene amapita kunkhondo za m'maiko ena, amathamangira kutama kulimba mtima kwake. Ine ndimati tiyambe tawerengera ndalama, chifukwa ngozi zambiri za ntchitoyi zimayambira m'thumba.

Mu 2013 Francesca Borri, mtolankhani wa ku Italy amene ankagwira ntchito ku Aleppo, m'dziko la Syria, analemba kuti pa nkhani imodzi ankalandira madola 70, pamene galimoto yokha inkadya madola 250 pa tsiku. Ndiye munthu wotere asiya chiyani? Asiya inshuwalansi, asiya womasulira, akwera galimoto iliyonse imene yapezeka, kenako asendera kufupi ndi kumene kukulira mfuti poti ndiko kuli nkhani yomwe akonzi amagula. Dziwaninso kuti inshuwalansi wamba ya paulendo siyilipira zochitika kunkhondo. Pamafunika yapadera, yotchula dziko lenilenilo ndiponso ndege yokachotsa wovulala.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi imfa zobwera chifukwa chotaya magazi. Mtolankhani wojambula zithunzi Tim Hetherington anamwalira pa 20 April 2011 ku Misrata, m'dziko la Libya, chidutswa cha bomba chitadula mtsempha waukulu wa pantchafu. Mtsempha umenewu ukaduka munthu amatha m'mphindi zochepa, chipatala chisanaoneke n'komwe. Tourniquet, lamba womanga pamwendo kapena pamkono kuti magazi asiye kutuluka, imamangidwa masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pabondo kapena pachigongono, n'kupotokola mpaka magazi atasiya, kenako n'kulembapo nthawi. Ikamangidwa molekerera imatseka mitsempha yobweza magazi yokha, moti balalo limatuluka magazi kuposa poyamba. Bala likakhala m'mphechepeche tourniquet siyigwira, mumayenera kutsendera gauze (kansalu ka pabala) m'kati mwa balalo n'kupanikiza kwa mphindi zitatu osaleka. Izi saphunzira pa YouTube ayi, manja ayenera kuzolowera. Maphunziro a HEFAT, ophunzitsa kudziteteza kumalo oopsa ndi kuthandiza ovulala, amatenga masiku 4 kapena 5, ndipo bungwe la Rory Peck Trust la ku London limathandiza atolankhani oyima paokha kuwalipirira.

Za chovala chotchinga zipolopolo ndingoti: chofewa cha mulingo wa IIIA chimatchinga zidutswa za bomba ndi chipolopolo cha pisito, osati cha AK-47. Pamafunika mapuleti olimba a mulingo wa III kapena IV olowetsa m'chovalacho. Bungwe loteteza atolankhani la Reporters Without Borders limabwereketsa zovalazi pamodzi ndi zisoti.

Nanga fixer, mwinimudzi amene amakupezerani anthu ocheza nawo ndi kulankhula ndi asilikali pamarodibuloko? Mu 2007 ku Afghanistan a Taliban anamasula mtolankhani wa ku Italy Daniele Mastrogiacomo, koma womuthandiza wake, Ajmal Naqshbandi, anamupha. Mlendo amakwera ndege n'kubwerera kwawo, fixer amatsala ndi anthu amene nkhaniyo yawakwiyitsa. Inshuwalansi ndi chovala chake ziyenera kukhala m'bajeti yanu.

Atolankhani oyima paokha a ku America James Foley ndi Steven Sotloff ataphedwa ku Syria mu 2014, mu 2015 kunabadwa mgwirizano woona za chitetezo cha atolankhani wa ACOS Alliance, ndipo nyumba zambiri zofalitsa nkhani zinasainira kuti woyima payekha amene zamutuma zizimusamalira ngati wantchito wawo. Kusaina n'kosavuta. Inu musananyamuke, mkonzi alembe pa imelo kuti akulipirani zingati, liti, ndiponso ndani alipire ndege mukavulala. Akayankha kuti “pitani kaye, tidzaona zimene mubweretse,” ameneyo sanakutumeni.