Chimbale cha bandi ya magitala: mmene amachitira ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Joni ndi kuno ku Malawi

Chaka chikamatha, okonda indie rock amatulutsa mayina a zimbale zimene zawafika pamtima. Indie rock ndi nyimbo za gitala yamagetsi, besi ndi ng'oma, zimene bandi imajambula payokha kapena pansi pa kampani yaing'ono. Pa mayina a chigawo chathu chino, limene lamveka kwambiri posachedwapa ndi WITCH ya ku Zambia, ndi chimbale cha Zango mu 2023 komanso Sogolo mu 2025. Dzina lachiwirili Mchewa safuna womasulira. La ku Malawi likatchulidwa limakhala Madalitso Band, ndipo zimbale zawo zitatu, Wasalala (2019), Musakayike (2022) ndi Ma Gitala (2025), zinatulukira ku Bongo Joe, kampani ya ku Geneva.

Aliyense amene anamvapo zala za Daniel Kachamba kapena Allan Namoko sangakayike kuti kuno gitala timaitha. Pamene tasiyanirana ndi anzathuwa ndi pa njira imene nyimbo imadutsa kuchoka pamene bandi ikuyeserera mpaka kukhala chimbale, ndi zimene zimachitikira chimbalecho chikatuluka.

Ku Zambia njira yonseyi inalipo m'zaka za m'ma 1970. Ndalama za kopa zinkayenda ku Kitwe, Ndola ndi Chingola, ndipo anyamata a kumigodi ankatha kugula magitala ndi kulipira pakhomo la dansi. Situdiyo zinalipo: Malachite ku Chingola, kumene Amanaz anajambulira chimbale chawo cha Africa cha 1975, ndi DB Studios ku Lusaka, kumene WITCH inajambulira Lazy Bones!! chaka chomwecho. Ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda malekodi, ndiponso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inkatulutsa ndi kugulitsa. Pamwamba pa zonsezi, Kenneth Kaunda analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Lamulo lotere palokha silibereka nyimbo, koma linapeza situdiyo ndi fakitale zili kale chire, ndiye wailesi itasowa choulutsa mabandi anathamangira kukajambula. Umu ndi mmene Zamrock, rock ya ku Zambia, inakulira, Paul Ngozi ndi Ngozi Family akukuwa m'Chinyanja ndi m'Chingerezi pamwamba pa gitala yokalipa.

Nthawi yomweyo kuno zinali zina. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo oimba ambiri ankajambulira komweko, tepi n'kukhala ya wailesiyo. Fakitale yonga ya Teal kunalibe. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika zimene anthu angaone ndi kumva, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Rock ya nthawi imeneyo, ndi tsitsi lake ndi phokoso lake, inalibe pokhala. Makaseti atafala, makamaka kuyambira 1994, msika unatseguka, OG Issa n'kukhala khomo limene oimba ambiri ankadzera, ndipo situdiyo ngati ya Paul Banda ku Balaka zinatulutsa oimba ochuluka. Koma kajambulidwe kamene kanazika mizu ndi ka kiyibodi: ng'oma zopanga pa makina, besi ya pa kiyibodi, gitala n'kubwera pomaliza ngati ndiwo zapambali. Kajambulidwe kameneka n'kotchipa ndiponso kachangu, ndipo katipatsa nyimbo zokoma zosawerengeka. Kwa bandi ya rock kokha ndiye sikathandiza, chifukwa moyo wa nyimbo zimenezi uli pa anthu anayi kapena asanu kuimba nthawi imodzi, wang'oma akukoka wabesi, wabesi akukankha wagitala.

WITCH itabwerera kudzajambula Zango patatha zaka 39, inakalowanso ku DB Studios komwe kuja. Chipinda chimene chimalola bandi yonse kuimbira limodzi ndi chuma, ndipo apa Zambia inatiposa. Koma chipinda chotere bandi ya ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ingathe kudzikonzera, bola idziwe zofunika.

Choyamba ndi interface, kabokosi kolowetsera mawu a zida mu kompyuta, ya mabowo osachepera 8. Ya mabowo awiri, imene ili m'situdiyo zambiri za m'nyumba, imakwanira woimba mmodzi ndi gitala basi. Pa mabowo 8 aja, anayi apite ku ng'oma, limodzi ku besi kudzera pa DI (kabokosi kolumikizira besi molunjika ku interface), awiri ku maampu a magitala, lotsala ku mawu otsogolera amene mudzawajambulenso bwino pambuyo. Pa ng'oma, maikolofoni imodzi ilowe m'kati mwa ng'oma yaikulu ya phazi, ina iloze pa ng'oma yaing'ono yotchedwa snare motalikira zala zitatu kuchokera pa mkombero, ziwiri zikhale m'mwamba. Ziwiri za m'mwambazi ndi pamene ambiri amapunthwa. Tengani chingwe, muyeze kuchokera pakati pa snare kukafika pa iliyonse, ndipo mtunda ukhale wofanana ndendende, cha m'ma mita imodzi. Zikasiyana, kulira kwa snare kumafika pa imodzi mochedwerapo, ndiye mukaphatikiza ziwirizo mawu ena amafafanizana, snare n'kumamveka yopyapyala ngati chitini. Vuto limeneli ndi lovuta kulikonza pa kompyuta, pamene chingwe cha mita imodzi chikanaliletsa.

Chipinda cha simenti chopanda kanthu chimabweza mawu, zitsulo za ng'oma n'kulowerera maikolofoni iliyonse. Imikani matiresi m'makona, pachikani mabulangete okhuthala motalikirako pang'ono ndi khoma, pansi yalani kapeti kapena mphasa ziwiri. Mathileyi a mazira amene anthu amakhoma pakhoma saletsa phokoso kulowa kapena kutuluka, musataye nawo nthawi. Ngati denga ndi la malata opanda siling'i, jambulani m'chilimwe, pakuti mvula ikangoyamba tsiku latha. Ampu ya gitala isakhale yaikulu. Ya mawati 15 yotsegulidwa bwino imamveka yonenepa pa chimbale kuposa ya mawati 100 imene mwaitsitsa poopa aneba.

Gitala yokalipa ya Zamrock ija imachokera ku kabokosi kotchedwa fuzz. Ka mtundu wakale kamafuna kukhala koyambirira, gitala ilowe mwa iko kenako tina titsatire, apo ayi kamalira mokwiyitsa khutu. Kamene kali ndi matransista a germanium kamasintha mawu kukatentha, moti zimene munamva m'mawa mwezi wa Okutobala sizimene mudzamve masana. Nyimbo imodzi muimalize pa nthawi imodzi, ndipo kabokosiko kasakhale padzuwa. Batire ya 9V imakachititsa kukhala chete kuposa adaputa yotchipa.

Za magetsi, maiko anayi onsewa ali pa mavoti cha m'ma 230, choncho ampu yogula ku Johannesburg imagwira ntchito ku Blantyre, kungosintha pulagi ya mano ozungulira kuika ya mano afulati. Posinthapo musasiye waya wa earth, chifukwa ndi umene umateteza woimba kuti asagwidwe ndi magetsi akakhudza nsambo ndi maikolofoni nthawi imodzi. Ampu yochokera ku America ndi ya mavoti 120, ndipo mukailumikiza popanda thiransifoma imapsa pomwepo. Kung'ung'uza kosalekeza kumene kumamveka m'sipika nthawi zambiri kumabwera chifukwa ampu ili pa soketi ina, kompyuta pa ina. Zonse zidyere pa soketi imodzi. Magetsi akamazimazima, monga zimachitikira ku Malawi ndi ku Zambia komwe madzi akachepa, invata yake ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija zimalowetsa kulira kwa njuchi m'chilichonse chimene mwajambula. Jenereta ikhale kutali, kuseri kwa nyumba, pa waya wautali.

Zimbabwe ili ndi phunziro lina. Mu nthawi ya Rhodesia bandi ya rock ya Wells Fargo inkatulutsa timalekodi ting'onoting'ono, ndipo nyimbo zawo zinadzasonkhanitsidwa kukhala chimbale mu 2016. Dzikolo litalandira ufulu, Harare inali ndi Shed Studios ndi Gramma Records, ndipo Bhundu Boys anajambula ku Shed nyimbo zimene kampani yaing'ono ya Discafrique inatulutsa ku Britain mu 1986, muulutsi John Peel n'kumaziulutsa pa BBC. Chaka chotsatira anasaina ndi kampani yaikulu ya WEA. Chimbale chimene chinatuluka kumeneko chinasalazidwa kwambiri, magitala othamanga aja anaphimbidwa, ndipo ambiri amene anawakonda poyamba anabwerera m'mbuyo. Mokoomba ya ku Victoria Falls inayenda mosiyana: chimbale cha Luyando cha 2017 anachikonza okha, kampani ya Outhere ya ku Germany n'kungochitulutsa. Ife tikuona kuti njira ya Mokoomba ndiyo yoyenera bandi ya kuno. Wakunja abwere kudzagulitsa, koma mawu a chimbale atsirizidwe ndi eni ake. Ku Zimbabwe komweko, lamulo la 2001 la 75 peresenti ya nyimbo za m'dziko pa wailesi linakweza kwambiri achinyamata oimbira pa kompyuta, chifukwa ndiwo ankatha kutulutsa nyimbo mwachangu. Bandi ya anthu asanu siingapikisane nawo pa liwiro.

Ku South Africa kuli zonse, masitudiyo, malo oimbira, mashopu a zida. BLK JKS ya ku Johannesburg inatulutsa After Robots mu 2009 pansi pa Secretly Canadian, kampani ya indie ya ku America, ndipo 340ml, anyamata a ku Maputo, anakakhazikika ku Johannesburg komweko kuti ntchito iyende. Koma chimene tingatengereko msanga ndi cha Shifty Records m'zaka za m'ma 1980: situdiyo yawo inali m'kalavani, ndipo anaikoka mpaka ku Lesotho kukajambula Sankomota. Zida zonse zimene tatchula pamwambapa lero zimakwana m'buti ya galimoto yaing'ono. Holo ya tchalitchi kapena kalasi ya sukulu pa tchuthi ndi situdiyo yokwanira.

Pa mapepala ndiye anzathu a ku Joni ali patsogolo, ngakhale njira yawo ndi yotopetsa. Wopeka nyimbo amalembetsa ku SAMRO kuti azilandira nyimbo ikaulutsidwa, ku CAPASSO kuti azilandira ikakopedwa kapena kutsitsidwa pa intaneti, ndipo amene anaimba pa chojambulidwacho amalembetsa ku SAMPRA. Kuno khomo ndi limodzi, COSOMA, imene inayamba ntchito mu 1992, ndipo lamulo la 2016 linalimbitsa zoti pa zipangizo zosungira nyimbo pazidulidwa kandalama kopita kwa eni ntchito. Ku Zambia kuli ZAMCOPS, ku Zimbabwe ZIMURA. Khomo limodzi ndi mwayi, koma limathandiza okhawo amene alembetsa nyimbo iliyonse payokha. Bandi isanatulutse chimbale ikhale pansi, ilembe pa pepala kuti nyimbo yakuti anapeka ndani, mawu analemba ndani, aliyense atenga magawo angati pa 100, onse asaine. Mabandi ambiri amapasuka pa nkhani imeneyi ndalama zikayamba kuoneka, pamene pepala limodzi lolembedwa anthu akadali kuseka limodzi likanawasunga.

Spotify inafika ku South Africa mu 2018, ndipo ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe inafika mu 2021. Kuti chimbale chikwere kumeneko mumadzera kwa kampani yogawa nyimbo, imene imapatsa nyimbo iliyonse nambala yake ya ISRC ya zilembo ndi manambala 12. Nambalayo isungeni, chifukwa mukadzasintha kampani n'kutenga nambala ina, mawerengero a omvera amayambiranso pa ziro. Tumizani chimbale kukadali milungu inayi, popeza Spotify imafuna masiku osachepera 7 kuti akonzi ake aone nyimbo imene mwawalozera. Ngati mukulota lekodi, kumbukirani kuti mbali imodzi imanyamula bwino mphindi cha m'ma 20, ndipo nyimbo zaphokoso ziyenera kukhala koyambirira kwa mbali, pakuti singano ikamayandikira pakati mawu amayamba kuphwanyika.

Zamrock inagwa mtengo wa kopa utatsika, ndipo Edzi inatenga oimba ake ambiri. Jagari Chanda, woimba wa WITCH, anakakhala mphunzitsi, kenako wokumba miyala ya mtengo wapatali. Chimene chinaidzutsa ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, imene inayamba kutulutsanso zimbalezi cha m'ma 2010, ndipo ntchitoyo inapepuka pamene panapezeka matepi oyambirira. Rikki Ililonga, woimba wina wa Zamrock, anasunga ake. Pamene matepi anatayika, anthu anachita kukopera ku malekodi akale okalikakalika, n'kumachotsa kuthetheka kumodzikumodzi.

Tepi ya lero ndi fayilo ya WAV. Jambulani pa 24-bit ndi 48 kHz, ndipo situdiyo ikupatseni zinthu zitatu musanamalize kulipira: nyimbo yomalizidwa, nyimbo yomweyo yopanda mawu a woimba, ndi chida chilichonse pa fayilo yakeyake, zonse zoyambira pa sekondi imodzimodzi. MP3 ndi yomvera chabe, simungabwezeretse zimene inadula. Potumizirana pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti fayilo ifike mmene ilili. Sungani makope atatu: pa kompyuta, pa hard drive imene ikukhala kunyumba ina, ndi pa intaneti. Hard drive ija muziilumikiza kamodzi pa chaka n'kutsegula mafayilo angapo kuti muone ngati akuwerengeka, ndipo m'kati mwake muikemonso chithunzi cha pepala la magawo lija pamodzi ndi manambala a ISRC.